Ndalama imatha Lachisanu, chithunzi chimatsala

Nkhani iyi timaikamba monong'ona m'mahositelo, koma ine ndiilemba poyera. Pali achinyamata, ena mwa iwo anzathu a m'kalasi, amene ayamba kuona kugulitsa zithunzi ndi makanema olaula pa intaneti ngati geni ina iliyonse. Ena amangotumiza kwa munthu mmodzi pa WhatsApp, iye n'kubweza kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ena amalowetsedwa m'magulu olipiritsa a pa Telegram. Ena maso ali kunja, ku masamba ngati OnlyFans, kumene amati kuli madola. Ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pamene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mawu oti "dola" okha amakwanira kutseka munthu makutu.

Sindikulemba ulaliki. Abusa ndi mashehe ali nawo malo awo, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Ine ndikufuna tichite masamu, monga timachitira tikafuna kuyamba geni ya kaunjika kapena kugula njinga ya kabaza. Mpamba ndi chiyani, phindu likupita kwa ndani, nanga zinthu zikavuta woluza ndani? Mukawerengera bwinobwino mupeza kuti m'malonda amenewa muli magulu awiri a anthu. Ena amaganiza za zaka khumi zikubwerazo, ena amaganiza za Lachisanu likubwerali. Oyambawo ndi eni masamba. Achiwiriwo ndi amene nkhope zawo zili pa chithunzi.

Kwathu ndi ku Ligowe, m'boma la Neno, pa msewu wochokera ku Mwanza kupita ku Neno boma. Aliyense wokulira dera limeneli amadziwa mitundu iwiri ya ndalama zochokera ku mtengo: ya makala ndi ya manachesi. Wamakala amagwetsa mombo kapena tsanya, kuduladula, kuunjika, kukwirira ndi dothi, kuyatsa. Masiku owerengeka matumba ali pa njinga, ulendo wa kumsewu waukulu, kumene magalimoto opita ku Blantyre amaima. Ndalama yake ndi yamsanga ndipo ndi yeniyeni, imagula ufa tsiku lomwelo. Koma mtengo umene unatenga zaka makumi kuti ukule wapita, ndipo chaka chamawa ayenda mtunda wotalikirapo kuti apeze wina. Wamanachesi amadzala kambande, kuthirira, kutchingira mbuzi, kudikira zaka zingapo osaona kanthu. Ukayamba kubereka, nyengo yozizira iliyonse mavenda amabwera okha pakhomo, ndipo pali ana ambiri kwathu amene fizi yawo inachokera m'mitengo imene anadzala agogo awo.

Munthu angafulumire kunena kuti chithunzi cholaula chili ngati makala. Ayi, makala ali ndi chifundo kuposa pamenepo, chifukwa akayaka amasanduka phulusa nkhani n'kuthera pomwepo. Chithunzi ndi chinthu chachilendo. Kwa wojambulidwayo ndi makala, amalandira kamodzi. Kwa mwini tsamba, kwa woyendetsa gulu la pa Telegram, ndi kwa aliyense amene wachikopera, ndi mtengo wa nachesi umene umabereka chaka ndi chaka popanda kuthirira. Iwe wadzala, wina akukolola, ndipo mtengowo uli ndi nkhope yako.

Tiyambe ndi madola omwe amatikopawo. OnlyFans inayamba mu 2016 ku London, woyambitsa wake ndi Tim Stokely. Mu 2018 munthu wina wamalonda, Leonid Radvinsky, anagula gawo lalikulu la kampaniyo. Lamulo lake ndi losavuta: pa ndalama iliyonse imene wogula walipira, kampani imatengapo 20 peresenti. M'chaka cha 2023 anthu analipira madola pafupifupi 6.6 biliyoni kudzera pa tsambali, ndipo oika zinthu zawo anagawana pafupifupi 5.3 biliyoni. Zikumveka zambiri, mpaka mutadziwa kuti maakaunti a oika zinthuwo anali opitirira 4 miliyoni. Gawani nokha. Zikubwera pafupifupi madola 1,300 pa chaka, kapena madola 100 ndi kangachepe pa mwezi, ndipo apa tikuyesa ngati onse amalandira mofanana. Salandira mofanana. Oimba, ochita mafilimu ndi ena amene anali otchuka kale asanalowe amakokolola zochuluka, moti munthu wamba wopanda omutsatira amapeza zochepa kwambiri kuposa chiwerengero chimenechi. Chaka chomwecho, Radvinsky yekha analandira madola 472 miliyoni monga phindu la mwini. Nkhope yake ambiri sitiidziwa, ndipo sanavulepo ngakhale malaya.

Amene amaonetsa ndalama zawo pa TikTok ndi pa Instagram ndi opambana okhaokha, monganso amene amaonetsa tikiti yobetcha ndi amene wawina. Woluza sajambula.

Wina anganene kuti madola 100 pa Malawi pano ndi ndalama, makamaka ukakasintha pamsika wa mseri. Zoona. Koma geni imafunanso kuti udziwe kuti msika wako udzakhalapo mawa, ndipo msika uwu uli m'manja mwa anthu amene sakudziwa. Mu Ogasiti 2021 OnlyFans inalengeza kuti kuyambira pa 1 Okutobala iletsa zolaula, ponena kuti mabanki akuivutitsa. Pasanathe sabata inabweza mawu anthu atakwiya, koma masiku ochepa amenewo anaonetsa mwini munda weniweni. Anthu amene anasiya ntchito zina, kuchita lendi nyumba ndi kugula makamera anadzuka m'mawa n'kumva kuti geni yawo yatsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Mu Disembala 2020, mtolankhani Nicholas Kristof atalemba mu New York Times kuti pa Pornhub pali makanema a ana ndi a anthu ogwiriridwa, Visa ndi Mastercard anasiya kulola makadi awo kulipira pa tsambalo, ndipo tsambalo linafufuta makanema mamiliyoni ambiri masiku ochepa. Kufufutako kunali koyenera, ndipo kunachedwa. Koma ngakhale akuluakulu amene ankaika zinthu zawo mwakufuna kwawo anaona njira yolandirira ndalama itatsekeka popanda wowafunsa. Tumblr nayo inaletsa zolaula mu Disembala 2018. Kampaniyo imasintha malamulo, kusintha dzina, kugulitsidwa kwa mwini wina, n'kupitiriza. Eni Pornhub ankatchedwa MindGeek, mu 2023 anakhala Aylo. Iwe sungasinthe nkhope.

Apa ndi pamene masamu amaipira kwambiri, chifukwa ndalama ndi chithunzi sizikhala nthawi yofanana. Mia Khalifa, mtsikana wobadwira ku Lebanon amene anakulira ku America, anachita makanema amenewa kwa miyezi pafupifupi itatu kumapeto kwa 2014 ndi kumayambiriro kwa 2015. Iye mwini ananena mu 2019 kuti zonse zimene analandira pa ntchitoyo ndi madola pafupifupi 12,000. Zaka zoposa khumi zadutsa, dzina lake likudziwikabe mpaka kwa anyamata a ku Ligowe, ndipo makanemawo akupangirabe ena ndalama. Miyezi itatu ya ntchito, moyo wonse wofotokoza.

Nkhani ina imene ndikufuna mtsikana aliyense wa pa yunivesite aidziwe ndi ya kampani ya GirlsDoPorn ya ku San Diego. Atsikana ambiri, ochuluka a iwo a msinkhu wa ku koleji, ankaitanidwa ngati kuti ndi ntchito yojambulitsa zovala. Akafika ankauzidwa kuti kanemayo sadzaikidwa pa intaneti, angoikidwa pa DVD n'kugulitsidwa kwa anthu ochepa kutali, ku Australia ndi ku New Zealand, kumene palibe wowadziwa. Linali bodza. Makanemawo anaikidwa pa intaneti, mayina enieni a atsikanawo anatuluka, ndipo zinafika kwa makolo, anzawo a m'kalasi ndi owalemba ntchito. Mu Januwale 2020 khoti linalamula kuti amayi 22 alipidwe madola pafupifupi 13 miliyoni. Mwini kampaniyo, Michael Pratt, anathawa, anagwidwa ku Madrid mu Disembala 2022, ndipo mu 2025 analamulidwa kukakhala kundende zaka 27. Taonani mawu amene anawakopa: "kwanu sadzaona." Ndi mawu omwewo amene amanenedwa kuno. Sindidzaonetsa aliyense. Ogula ndi azungu okhaokha. Tikubisa nkhope.

Atsikana a ku America aja anali ndi maloya, makhoti ndi FBI, komabe zinawatengera zaka. Tsopano tibwere kwathu.

Choyamba, Malawi ndi mudzi. Kanema amene watuluka ku Zomba m'mawa amakhala atafika ku Mzuzu nthawi ya nkhomaliro, ndipo m'gulu lililonse la WhatsApp mumapezeka wina woti "uyutu ndinaphunzira naye ku sekondale." Kubisa nkhope sikuthandiza kwenikweni. Anthu amazindikira mawu, chipsera, katani ya m'chipinda cha hositelo, chitenje chopachika pakhomo. Ndiye pali nkhani ya ndalama. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo wotumiza ndalama pa foni amaona dzina la wolandira. Ndiye kuti wogula chithunzi cha K5,000 wapatsidwa chithunzi, nambala ndi dzina lenileni. Mawa akafuna china chaulere, ali ndi chogwirira. Ambiri amene amayamba ngati ogulitsa amathera poopsezedwa: tumiza zina, apo ayi izi zipita kwa bambo ako. Komanso kunja kuno kuli kale masamba ngati PimEyes amene umangoika chithunzi cha nkhope ya munthu n'kukusakira kumene nkhopeyo ikupezeka pa intaneti. Zimene zikuoneka zobisika lero zikudikira makina a zaka zisanu zikubwerazi.

Chachiwiri ndi anthu apakati. Masamba akunja amafuna chiphaso, akaunti ya ku banki imene angatumizeko ndalama, intaneti yodalirika ndi otsatira ambiri. Wophunzira amene akuvutika kugula bandulo ya sabata alibe zonsezi, ndiye pamabwera wina woti ali ndi njira: akaunti ndi yake, pasiwedi ndi yake, ndalama zimafikira kwa iye, ndipo iwe amakupatsa zimene wafuna. Kwathu timawadziwa mavenda amene amabwera njala itavuta n'kugula mtengo wonse wa manachesi zipatso zikadali zaziwisi, pa mtengo wolira. Koma venda uja nyengo ikatha amachoka, mtengo n'kubwerera kwa mwini. Uyu sachoka, mafayilo ali nawo. Ku Colombia, kumene malonda a makanema a pompopompo ndi aakulu kwambiri, bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu Disembala 2024 losonyeza momwe eni masitudiyo amatengera gawo lalikulu la ndalama, ndi momwe amakanira kupereka akaunti kwa mtsikana akafuna kuchoka, kuti ayambirenso pa ziro.

Chachitatu ndi lamulo. Gawo 179 la Penal Code limaletsa kupanga, kusunga pofuna kugulitsa, ndi kufalitsa zinthu zolaula. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linawonjezera milandu ya pa intaneti, kuphatikizapo zolaula zokhudza ana ndi kuzunza munthu kudzera pa makina. Ndipo tisaiwale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mnyamata amene akusunga kapena kutumiza chithunzi cha mtsikana wa Fomu 3 asadzinamize kuti ndi zocheza.

Tanthauzo la zonsezi pa geni ndi ili. Ku maiko ena alipo anthu amene amachita malondawa moganizira kutsogolo, ndipo sindikana. Amalembetsa kampani, amalipira msonkho, amakhala ndi loya wothamangitsa okopera, amatseka kuti anthu a dziko lawo asaone, amasunga ndalama podziwa kuti ntchitoyi ndi ya zaka zochepa. Zonsezi zimatheka chifukwa lamulo la kwawo limawazindikira kuti ndi eni katundu. Kuno wina akakubera kanema, ukadandaula kuti? Uli ngati wamakala wopanda chiphaso amene walandidwa matumba panjira: kupita kupolisi ndi kukadzipereka. Geni imene sungaiteteze, sungaiike pa CV, sungakatengere ngongole ku banki, ndipo sungaiuze mayi ako, ilibe mawa. Ngakhale utakhala wanzeru chotani, malo okonzekera kutsogolo mulibemo.

Ndipo mtengo wake sagawana mofanana mnyamata ndi mtsikana. Kanema akatuluka muli anthu awiri, dzina limene limayenda ndi la mkazi. Mwamuna amasekedwa sabata imodzi, ena mpaka kumutama. Mu 2016 akatswiri awiri a malamulo, Sarai Chisala-Tempelhoff wa kuno ndi Monica Twesiime Kirya wa ku Uganda, analemba za vuto lofalitsa zithunzi zamseri za amayi popanda chilolezo chawo m'maiko awiriwa, ndipo anaonetsa kuti malamulo oletsa zolaula amatha kutembenukira wolakwiridwa yemweyo m'malo momuteteza. Ganizirani ntchito zimene womaliza maphunziro angapeze m'boma ngati Neno: uphunzitsi, unamwino, ulangizi wa zaulimi, ku khonsolo, kapena m'mabungwe ngati Abwenzi Pa Za Umoyo amene akhala kuno kuyambira 2007. Zonsezi ndi ntchito zoimirira pamaso pa anthu, m'dera limene amfumu, makolo ndi ana asukulu amakudziwa dzina ndi mtundu. Digiri imene banja linagulitsira mbuzi imatha kugonja kwa kanema wa mphindi ziwiri. Sindikunena kuti n'chilungamo. Ndikunena kuti ndi mmene zilili.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mphamvu. Mnzanga wina, amene sachita nawo zimenezi koma amadana ndi anthu olalikira ali okhuta, anandiuza kuti kuganiza za zaka khumi ndi mwayi wa munthu amene wadya. Ngongole ya boma siifikira aliyense, ndipo amene yawafikira imatha mwezi usanathe. Lendi ya kunja kwa kampasi ikukwera, landilodi sadikira, mayeso salola wangongole ya fizi. Omaliza maphunziro ali pakhomo zaka zitatu ndi mapepala awo mu envulopu. Munthu wotereyu ukamuuza kuti adzale nachesi, akufunsa kuti adya chiyani podikira. Akuluakulu omwe anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Ndikuvomereza zambiri mwa izi. Wamakala wa kwathu si chitsiru. Amadziwa bwino kuti phiri likutha, amaona yekha mitsinje ikuuma msanga, koma mwana akudwala lero. Ndi njala yomweyo imene inatengera amayi athu ambiri ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, monga inaonetsera BBC mu 2024. Amene amanyoza anthu otere sanagonepo ndi njala.

Koma taonani chimene mfundoyi ikutsimikiza. Ikuti munthu wopanikizika amagulitsa motchipa chinthu chamtengo wapatali. Imeneyo si mfundo yoikira kumbuyo malondawa, ndi kufotokoza mmene amapezera phindu. Katapila naye amathandiza tsiku loipa, koma palibe amene amamutcha chitukuko. Ndipo kusiyana kwa njira zopulumukira njala n'kwakuti zina zimatha njalayo ikatha. Ganyu amatha. Kugulitsa mandasi pa hositelo, kuluka tsitsi, kuphunzitsa ana a Fomu 4 masamu, kutayipira anthu, zonsezi zimalipira pang'ono mochititsa manyazi, koma tsiku limene wapeza ntchito umazisiya osakutsatira. Ngakhale ngongole ya katapila ili ndi tsiku lomaliza. Chithunzi chilibe.

Mkwiyo wanga weniweni suli pa ogulitsa. Uli pa ife ogula ndi otumizirana, ndipo ambiri ndife anyamata. Msika uwu suli ku London kokha, uli m'magulu athu a m'kalasi, a mpira, a anyamata a kumudzi. Kanema wa mtsikana akatuluka, mawu oyamba amakhala "ndiponyereni ku inbox." Amene akupempha ndi omwewo amene mawa adzakhale pa mpando wofunsa anthu ntchito n'kunena kuti mtsikanayo alibe khalidwe. Nafenso tikuganiza mwachidule. Chisangalalo cha mphindi imodzi, kenako umboni wa mlandu uli m'foni mwako, ndi dzina lako pamwamba pa uthenga umene watumiza. Woyendetsa gulu la pa Telegram amene akulandira ndalama pa nambala yolembetsedwa m'dzina lake akudzilembera yekha chikalata cha kukhoti.

Mayunivesite athu nawo ali ndi gawo. Sabata yolandira ophunzira atsopano timauzidwa za laibulale, za Edzi ndi za kubera mayeso. Za munthu amene akukuopseza ndi chithunzi chako, zii. Thumba laling'ono lothandiza wophunzira amene watsala pang'ono kuthamangitsidwa m'nyumba lingatseke khomo limene anthu apakati aja amalowera, chifukwa nthawi zambiri chosowacho si mamiliyoni, ndi lendi ya mwezi umodzi. Aphungu athu nawo akanalemba momveka bwino kuti wolakwa ndi amene wafalitsa chithunzi popanda chilolezo, ndipo wojambulidwa amene wabwera kudzadandaula asaope kutsekeredwa. Malinga ngati mantha amenewo alipo, woopseza ndiye ali ndi lamulo kumbali yake.

Kwa amene zakuchitikira kale, kaya unagulitsa, kaya unatumizira chibwenzi chimene unkachikhulupirira, pali zochepa zimene zingathandize. Woopseza ukamulipira kamodzi amabweranso, ndiye usalipire ndipo usatumize zina. Sunga mauthenga ake onse, nambala yake ndi umboni wa ndalama. Uza munthu mmodzi wamkulu amene umamudalira iye asanauze anthu, chifukwa mphamvu yake yonse ili pa chinsinsi. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo ndi bwino kupitako ndi munthu wina kapena ndi wodziwa malamulo. Palinso tsamba la StopNCII.org, limene linayamba mu 2021. Chithunzi sichichoka m'foni mwako, limangopanga chizindikiro cha manambala chimene masamba ngati Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito pozindikira ndi kutsekereza chithunzicho wina akafuna kuchiika.

Dziwani malire ake. Chida chimenechi sichilowa m'mauthenga a WhatsApp, ndipo kwathu zinthu siziyenda pa intaneti pokha. Pa Ligowe, monga pa malo ena onse a malonda m'dziko muno, pali anyamata a kompyuta amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi pa mtengo wochepa, ndipo mafoni amapatsirana mafayilo pa Bluetooth popanda bandulo. Kanema akafika m'kompyuta ya m'kashopu kotero, palibe loya wa ku London kapena ofesi ya MACRA imene ikudziwa n'komwe kuti ali mmenemo.